Moto wa Ulendo Umodzi

Lachiwiri, 10 Okutobala 2023

Afika! Mabatire a njinga yanga afika. Awiri, akuda bii, kulemera ngati mafuwa. Bambo a Ronald awatsitsa pa kabaza ali wefuwefu, ungati awasenza wapansi kuchokera ku Lilongwe. Ine pakhonde nthungululu ndekhandekha. Nkhuku balala.

Chiyambire Febuluwale njinga ili pakona, yofunditsidwa chitenje. Njinga ya magetsi yathunthu, thadzi mpaka kufuna kuikirapo mazira. Ine pamkeka, pampando, pamkeka. Ine Ezeliya, amene ndinaima pa bolodi mpaka kupuma pa ntchito. Miyendo inandikana, chabwino, ndinavomera. Koma njinga nayonso indikane? Ayi, zimenezo sitinagwirizane.

Ronald waimba kuchokera ku Joni. Akuti Khirisimasi ino sabwera, ya thiransipoti yalowa m'mabatiremu. Ndamuuza kuti palibe kanthu. Bodza. Kanthu kalipo, ndipo kakundiwawa pamtima. Njinga anagula yekha, tsopano izi. Mulungu amusunge mwanayu m'dziko la eni.

Mawa kubwera Bizwell wa pa Nsaru, wokonza masola uja, kudzawamanga.

Pa 22 abusa akubwera ku tchalitchi chathu kudzadyetsa Mgonero. Ndikakhalako, pambali pa amayi anzanga, osati kundibweretsera kunyumba ngati munthu wotsala madzi amodzi. Ndalemba. Ndadulanso mzere kunsi ngati mutu wa phunziro.

Lachitatu, 11 Okutobala

Yayenda!

Koma ndiyambe ndi manyazi a m'nyumba muno. Bizwell potsegula kumbuyo kwa njinga wapeza timawaya tiwiri tolendewera. Wafunsa kuti n'ta chiyani. Bambo a Ronald maso kudenga, ngati akuwerenga malata. Ta wailesi! Chaka chonse chatha bambowa ankamvera mpira ndi miyendo yanga. Ndawauza kuti mlanduwu sunathe, ndangousunga. Aseka. Kodi andiiwala?

Bizwell akutinso mabatire akale aja anafa msanga chifukwa tinkawakama mpaka psiti ndiye n'kumatchaja. Nanga anatiuza ndani? Kwathu kuno batire timadikira wailesi iyambe kulankhula ngati woledzera, ndiye tikatchajitse. Kutchaja chinthu chisanathe, si kumwaza kumeneko?

Mawu a Bizwell, ndisaiwale: "Amayi, mukabwera koyenda atchajeni, musadikire kuti afe. Ndipo asachoke pa njingapa, kaya abwere kudzapempha ndani. Limodzi likakamidwa palokha, onse awiri apita." Mawu omalizawo walankhula akuyang'ana bambo a Ronald.

Timagetsi ta pa chiwongolero tayaka tonse, tobiriwira. Akuti tikamazima n'kufika pa kachikasu ndiyambe kuganiza za kunyumba. Kofiira ndiye kuti moto watha.

Ndatsika pakhonde ndekha. Ndazungulira nkhokwe, ndazunguliranso. Kenako mpaka ku mjigo. Amayi kusiya zidebe, nthungululu, wina kuthamanga pambali panga mwana ali kumbuyo. Mphepo kumaso, abale, mphepo yeniyeni ya panjira! Ndalira osabisa.

Pobwera ndakumana ndi a Goodson a kutsidya kwa dambo, ali pa ngolo yawo, akuchokera kotuta mchenga. Aonda. Chifuwa chija sichikuwasiya. Ndi iwo anandinyamula pa ngolo yomweyi kupita nane ku chipatala ku Kabudula tsiku lija miyendo inandikana m'dimba. Ndi iwonso anandimangira potsetsereka pa simenti, pakhonde pano ndi pakhomo pa tchalitchi, osalandira kalikonse. Lero akuti, "Aphunzitsi, simenti yanga kutchalitchi kuja ikungogonedwa ndi mbuzi. Mukadzakwerapo pa 22, ine ndidzavina pakhomo pomwepo, akulu a mpingo andidule." Aseka mpaka chifuwa kuwagwira.

Lachinayi, 12 Okutobala

Ku dimba. Mpiru wofota, anyezi pothithikana, mizere yokhota ngati yolembedwa ndi mwana wa Sitandade 1. Miyezi yonseyi bambo a Ronald ankandiuza kuti zili bwinobwino. Tsopano woyendera wabwerera pa ntchito.

Pofika ndatchaja nthawi yomweyo, timagetsi tisanazime n'komwe. Mtima ukundiuzabe kuti ndikumwaza. Uzolowera.

Lachisanu, 13 Okutobala

A Cornelius, mkulu wa mpingo wa dera lathu. Abwera ndi mtima wabwino monga mwa masiku onse, ndipo andikwiyitsa monga mwa masiku onse. Amandilankhula mokweza, mawu amodziamodzi, ngati miyendo inapita ndi makutu omwe. Akuti abusa akamaliza kutchalitchi adzazungulira m'makomo mwa odwala ndi okalamba, ndiye ndikonzeke. Ndangokankha chiwongolero, ndawazungulira iwo ndi njinga yawo yakapalasa yomwe, fumbi koboo. Ndati, odwala ake ati? Iwo "Zikomo, zikomo," chipewa m'manja.

Mgonero wa kunyumba ndaudyapo. Si kuti ndi woipa, Ambuye ndi yemweyo. Koma anthu ongokwana pa mkeka umodzi, nyimbo ndime imodzi mothamanga chifukwa kutsogolo agogo ena akudikira. Akachoka, nyumba zii. Ine ndikufuna mbale ya mkate ichoke m'manja mwa mnzanga, ifike mwa ine, ine ndipatsire wina. Basi. Ndi zambiri zimenezo?

Masana bambo a Ronald atulukira ndi chidebe ndi chikolopa, akuti aitsuke njinga ioneke bwino. Ndakuwa mpaka galu kuthawa. Madzi pa mawaya! Kansalu konyowa pang'ono basi, ndipo ndipukuta ndekha. Ulusi wa thumba unakulungika m'kateyala kakutsogolo, ndauchotsa ndi lumo. Pa dzuwa siikhala. Malo ake ndi pansi pa mango, ndipo mbuzi zauzidwa.

Lamulungu, 15 Okutobala

Walira mvula walira matope.

Dzulo ndinayenda ngati mbuzi yodula chingwe. Ku sukulu kukaona mkuyu wanga, umene ndinaphunzitsira pansi pake zaka zonse zija. Udakalipo, wanenepa kundiposa. Kumsika kukagula tomato, kusankha ndekha, kunenerera ndekha, mpaka wogulitsa kunena kuti aphunzitsi achira ndithu. Ndinati ndikafika nditchaja. Ndikulowa pakhomo, chimphepo chija. Fumbi, malata phokoso, zovala za pa chingwe ulendo. Bulugamu wagwera mawaya kumsewu, pholo lathyoka. Magetsi azima dera lonse.

Timagetsi tobiriwira tatsala theka.

Ena akuti akonza sabata ino. Ena akuti pholo lichokera kutali. Ndaimbira Bizwell foni isanazime. Akuti moto watsalawo ukwana kutchalitchi, kupita ndi kubwera, poti kuli chitunda chija, koma ndisayendenso kwina kulikonse. Kwake pa Nsaru magetsi alipo, atha kutchaja. Koma njinga ikafikako bwanji? Pa kabaza siikwera. Ngolo yomwe ndingaikhulupirire ndi ya a Goodson, ndipo ndamva kuti eni ake agona. Mwana wawo Clement ali ku tawuni. Sindingapemphe ng'ombe pakhomo pa matenda.

Ndiye lero kutchalitchi sindinapite. Kusunga. Ndaifunditsanso chitenje chija. Ufulu wa timasiku tochepa, kenako pamkeka. Palibe kanthu, pa 22 sipatali.

Tsiku la anakubala. Ronald watumiza uthenga wa timaluwa pa foni. Bambo a Ronald aphika tiyi okha, shuga ngati wa paukwati. Mlandu wa wailesi ndachotserako pang'ono.

Lachiwiri, 17 Okutobala

Magetsi kulibe. Kutentha kosaneneka. Usipa wakweranso mtengo, kamulu kake ungawerenge mitu.

A Goodson anapita nawo ku Kabudula dzulo, akazi awo a Zelifa ali nawo komweko. Ine n'kukazonda komwe sindingathe. Ndatumiza bambo a Ronald ndi mazira ndi ufa wa phala. Abwera opanda nkhani. "Akupuma movutika," basi. Bambowa akakhala chete choncho, zinthu sizili bwino.

Yunifomu ya Chigwirizano ndachapa, ndasita ndi simbi ya makala. Bulauzi yandithina pang'ono, kukhala pansi kumanenepetsa. Duku loyera mbee. Zili kuseri kwa chitseko.

Ndimavundukula chitenje, kuyatsa, kuona timagetsi, kuzimitsa msanga. Ngati mayi wosuzumira mwana wogona. Tidakalipo.

Ndayeserera nyimbo za Mgonero pakhonde. Mawu adakalipo ndithu, mpaka a kuseri kwa mpanda kuyankha. Ana a sukulu ankanditcha Wailesi, ankaganiza kuti sindikudziwa.

Lachitatu, 18 Okutobala

A Goodson apita. Ku chipatala komweko. Kulira kwamveka kuchokera kutsidya dzuwa litangotuluka.

Anati adzavina. Munthu wabodza iwe, Goodson.

Sindilemba zambiri.

Lachinayi, 19 Okutobala

Mwambo mawa, akudikira mwana wamkazi wa ku Mzuzu. Tatumiza miphika yanga ikuluikulu, mabenchi, ufa, nkhuni. Bambo a Ronald akupita ndi kubwera.

Masana a Cornelius ndi amuna ena a komiti ya maliro. Akhala pansi, zipewa pa mawondo, malonje ataliatali. Ndinadziwiratu. Magetsi kulibe. Anthu adzachuluka chifukwa a Goodson anamanga nyumba za theka la dera lino. Chimkuzamawu chilipo koma chikufuna batire. Ndiye akuti, mwaulemu wonse, ndiwabwereke limodzi. Limodzi lokha, mawa madzulo libwera.

Ndakana.

Ndafotokoza zonse za Bizwell, kuti limodzi likakamidwa onse apita, kuti mwana wanga wataya ulendo wa kumudzi chifukwa cha mabatirewa. Agwedeza mitu ngati amva. Sanamve. Kwa iwo batire lili ngati khasu, wabwereka, walimira, wabweza. Ndipo pa maliro munthu samana chinthu, ndani sadziwa? Mphika, ng'ombe, ngakhale chitseko cha nyumba yako. A Cornelius potuluka, "Zikomo aphunzitsi, maliro n'kulirana." Mawu ofatsa, koma alowa ngati munga.

Bambo a Ronald nkhope pansi. Akuti, "Ine kusiwa kuja ndikakhala bwanji?" Ndati mukakhala ndi matako ngati anzanu. Pakamwa pangapa, Ambuye! Achoka osadya.

Pofika madzulo nkhani ili kale ku mjigo. Aphunzitsi amana batire pa maliro a munthu amene anawanyamula. Inde, ndi momwemo, sindikukana. Koma wina atapempha a Cornelius kuti awabwereke mwendo umodzi, mawa madzulo ubwera, angapereke? Mtima ukundiwawa. Ndakwiya ndi onse, ndakwiyanso ndi ine ndemwe, ndipo munthu amene akanandimvetsa ndi amene ali m'bokosiyo.

Ndavundukula chitenje. Theka lomwe lija. Kwa a Goodson ndi kutsidya kwa dambo, manda kupitirira apo, mchenga wokhawokha. Kutchalitchi ndi uku, kumtunda. Moto wa ulendo umodzi. Mgonero wina ndi wa m'dzinja, matope, njinga siingadutse. Ndiye kuti mpaka chaka chamawa mvula itatha. Ndiye kuti a Cornelius pakhomo panga, mawu amodziamodzi.

Koma munthu saikidwa kawiri.

Bambo a Ronald atabwera ndawauza atsitse yunifomu kuseri kwa chitseko. Andiyang'ana nthawi yaitali. Aitsitsa.

Loweruka, 21 Okutobala, m'mawa

Dzulo sindinalembe, thupi lonse linali la eni. Mawu lero ndi a chule.

Ndinapita. Bambo a Ronald pambali ndi ambulera, theka kuyenda theka kuthamanga. Padambo pouma gwa, tinadutsa bwinobwino. Pofika mitu yonse cheu. Omwe ankandinena ku mjigo ndi omwe anayamba kusuntha mikeka kuti ndidutse. Ndinalunjika pakhomo pa siwa. Mmisiri wamkulu, nyumba yake yomwe yopanda potsetsereka! Sindikanalowa. A Zelifa anakwawa kuchoka pa mkeka mpaka pakhomo, n'kuika mutu pa miyendo panga. "Mwabwera nokha, achemwali," anatero. Tinalira mpaka bulauzi kunyowa.

Batire anapeza la minibasi yakufa ya kumsika. Linagwira nyimbo zoyambirira ndi mawu a akubanja. Clement atangoyamba mbiri ya bambo ake, chimkuzamawu khoo khoo, kenako zii. Anthu mpaka m'munda mwa mtedza. Clement mawu ake ndi ochepa kale, kuphatikiza misozi. Kumbuyo anayamba kung'ung'udza kuti sitikumva. Ndinaona a Cornelius akuyang'ana pansi pa mpando wanga. Ena nawonso. Maso onse pa mabatire.

Mutu unanditentha. Ndinakankha chiwongolero mpaka pafupi ndi bokosi, pambali pa Clement. Ndinati, iwe nena, ine ndiponya. Sitandade 1 ndinaphunzitsa pansi pa mkuyu, ana ngati nyerere, mphepo ikuwomba, chimkuzamawu chinali kuti? Ndiye iye pang'onopang'ono, ine mokweza. Kubadwa kwawo, ukwati wawo, masukulu ndi nyumba zimene anamanga. Atafika pa za tchalitchi, Clement analephera. Ndinapitiriza ndekha. Ndinati bambo awa anamanga potsetsereka pakhomo pa tchalitchi chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndine. Kumbuyo kwenikweni agogo ena anayankha "Eya!" ndiye ndinadziwa kuti zikufika.

Ulaliki womwe ndinaponya. Mlaliki ankaima kundidikira, mwina ndinkamukonzera pang'ono pamene wakhota. Nyimbo ndinayambitsa ine. Ukaipa dziwa nyimbo, amatero akuluakulu.

Kumanda ndinapita. Bambo a Ronald kundinong'oneza kuti tibwerere, kachikasu kayaka. Ndinati munthuyu sananditule panjira. Mchenga kumeza mateyala, njinga kulira ngati ikudandaula. Adzukulu anandibweretsera dothi pa fosholo, ndinaponya ndi dzanja langa.

Pobwera kofiira. Kuphethira, kuphethira. Pa khola la ng'ombe za a Goodson njinga yaima. Basi.

Sindinachite manyazi, ndadabwa nazo ndekha. Clement anamanga ng'ombe. Amayi a Chigwirizano anandikweza pa ngolo, pa mkeka, wina kundigwirira duku. Ngolo yomwe ija, thabwa lomwe lija lothyoka pakona. Ndinaligwira njira yonse. Njinga anaikankhira pakhonde pa a Zelifa, akuti ibwera lero pamodzi ndi katundu wobwereka.

Mgonero ndautaya. Ndikudziwa. Atandibwezera dzulo ndingachitenso chomwecho, koma kuwawa kukuwawa.

Loweruka lomwelo, madzulo

Katundu wabwera pamitu pa amayi. Miphika yokwechedwa mbee, kuposa mmene inapitira. Mu waung'ono muli nyemba ndi kanyama. Mabenchi abwera. Njinga ayi.

Ndafunsa. Wina akuti sakudziwa, wina akuyang'ana mnzake. Bambo a Ronald anachoka m'mawa, akuti kokagwetsa chisakasa cha pa maliro. Chisakasa chake chotani chogwetsa tsiku lonse? Dzuwa likulowa. M'malo mwawo abwera alamu anga ndi kachikwama, akuti atumidwa ndi achimwene awo kudzagona kuno. Nawonso pakamwa tseke.

Ndikuwadziwa amuna a m'mudzi uno. Chinthu cha mawaya akachiona manja amawayabwa. Panopa mwina atsegula kumbuyo, wina waya ali kukamwa, akuti tione ngati mwatsala kamoto ka tochi. Akandiphera mabatire a mwana wanga aona polekera, kaya ndi ofedwa kaya si ofedwa. Ambuye mundikhululukire, mawa Mgonero.

Tchaja nayonso pa msomali palibe. Kopanda magetsi akatani nayo? Ganizo lina landibwerera, ndalithamangitsa. Sindifuna kukwera m'mwamba kenako n'kugwa chagada.

A Cornelius adutsa. Lero alankhula ngati akulankhula ndi munthu, mawu apansipansi. Akuti dzulo ndinawavula manyazi. Kenako, mosamala, afunsa za mawa, kodi abusa adzere kuno? Ndati adzere. Atapita ndalira ngati mwana.

Alamu achapa yunifomu, dothi la kumanda lachoka. Yauma kale ndi dzuwa lino. Ndiivalabe mawa, ngakhale pakhonde pompano.

Lamulungu, 22 Okutobala

Ndilembe msanga.

Kutangocha, phokoso la ngolo pabwalo. Clement kutsogolo, mutu wometa mpala. Kumbuyo bambo a Ronald, maso psuu, jekete fumbi lokhalokha, atakumbatira njinga yanga ngati mkwatibwi. Aiika pa matiresi, aimanga ndi linya, aifunditsa bulangete.

Ku Nsaru! Dzulo atangomaliza kumeta anamanga ng'ombe, ulendo kwa Bizwell. Yakhala pa moto mpaka kudzaza, iwo agona pakhonde pa shopu. Anandibisira dala, akuti mwina sizikanatheka ndiye ndikanalira kawiri. Bizwell akuti mabatire sanafe, koma ndisadzawafikitsenso pa kofiira. Ndamva, ndamva.

Ndayatsa. Tonse. Tonse tobiriwira!

Ndafunsa Clement kuti mwana iwe wachitiranji zimenezi, dothi la pamanda a bambo ako lisanaume? Wagwada pansi pa khonde. Akuti anatumidwa. "Amayi akuti mbale ya mnzako sabweza yopanda kanthu. Akutinso mukakwere pa simenti paja, eni ake anakonzera inu."

Wailesi yonse ija, ndangomugwira mutu wometawo.

Bambo a Ronald ndawauza kuti mlandu wawo watha, wafufutidwa. Iwo, "Ndiye mpira wa masana ano bwanji?" Ndawagenda ndi silipasi, ndaphonya dala.

A Cornelius ndikawauza ndekha pakhomo pa tchalitchi kuti nyumba imodzi aichotse pa ulendo wa abusa. Ndikawauza mokweza, mawu amodziamodzi.

Wondivinira palibe. Chabwino. Ndikakwera pa simenti ya a Goodson, ndikazungulira kamodzi pamwamba pomwepo, kuvinira tonse awiri. Akulu a mpingo akafuna andidule. Mbuzi zichokeretu.

Belu loyamba lamveka. Duku lili kumutu. Bambo a Ronald akufunafuna nsapato inzake, andipeza m'njira ngati angathe kuthamanga. Dzanja lolembera ndi lomwelo loyendetsera, ndiye